Sitima imene imanyamula tiyi wathu ndi ya ndani?

Amalume anga ali ndi munda wa tiyi cha kufupi ndi Muloza, ndipo chibadwire sanaionepo nyanja yamchere. Koma tsiku lina mu 2025 anandiimbira foni usiku, mawu ali m'mwamba. Mwana wina wa pakhomo anali atawawerengera kuti kuli sitima zikuluzikulu zonyamula mafuta a ku Russia zimene zikuyenda zitakweza mbendera ya Malawi. "Mphwanga," anatero, "boma lagula liti sitima zoterezi, pamene feteleza yemwe akutisowa chonchi?"

Ndinawauza kuti boma silinagule kanthu, sitimazo si zathu. Akathyali ena anatsegula tsamba pa intaneti, n'kumadzitcha ofesi ya Malawi yolembetsa sitima, n'kumagulitsa ziphaso. Boma lathu linakana, ndipo ku IMO, nthambi ya United Nations yoona za maulendo a panyanja imene likulu lake lili ku London, mbendera za sitimazo zinalembedwa kuti n'zabodza. Amalume anangoti "Oo," koma ndinamva kuti mtima sunakhale pansi. Chimene chinawazunguza n'chakuti nsalu ya mitundu itatu imapindulitsa chiyani pa sitima, mpaka munthu achite kuiba?

Ine ndimalemba mapepala a katundu wopita kunja pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Matumba akalongedwa m'kontena, chitseko n'kutsekedwa, silo n'kumangidwa, ntchito yanga imathera pa dzina la sitima imene sindidzaionapo. Ndiye funso la amalume ndi langanso, ndipo yankho lake ndimalimva bwino ndikaganiza za chikamwini. Mwamuna akamadzakwatira m'mudzi mwathu sangofika ndi chikwama n'kuyamba kuumba njerwa. Timafunsa kwawo, timafunsa mfumu yake, timafuna tione nkhoswe wake. Akadzathawa ana akudwala sitithamangitsana naye m'minda ya tiyi, timaitana ankhoswe. Malamulo onse a sitima zachilendo anamangidwa pa mafunso awiri omwewa: kwanu n'kuti, nanga zikavuta tiitane ndani?

Pakatikati pa nyanja yaikulu si dziko la munthu. Kulibe polisi, kulibe khothi. Choncho mayiko anagwirizana kuti sitima iliyonse ikhale ndi kwawo, ndipo malamulo a kwawoko aziyenda nayo kulikonse kumene yapita. Pangano lalikulu la zimenezi limatchedwa UNCLOS. Linasainidwa ku Montego Bay, m'dziko la Jamaica, mu 1982, linayamba kugwira ntchito mu 1994, ndipo Malawi analivomereza mu 2010. Ndime 91 imati sitima ndi nzika ya dziko limene laipatsa mbendera, ndipo pakhale ubale weniweni pakati pa ziwirizi. Ndime 92 imaletsa kuyenda ndi mbendera ziwiri n'kumasinthasintha poona kumene mphepo yalowera. Sitima yochita zimenezo imatengedwa ngati yopanda kwawo. Ndime 94 ndiyo imasenzetsa katundu dziko lopereka mbendera: lisunge kaundula, liziyendera sitimayo kuona ngati ili yolimba, litsimikize kuti kaputeni ndi amalinyero anaphunzira ntchito, ndipo pakachitika ngozi lifufuze.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti dziko lopanda nyanja yamchere nalonso lili ndi ufulu woyendetsa sitima zake panyanjapo. Zinavomerezedwa kale ku Barcelona mu 1921, ndipo ndime 90 ya UNCLOS ikubwereza zomwezo. Mongolia, dziko lotsekeredwa pakati pa Russia ndi China, lili ndi kaundula wa sitima za panyanja amene amayendetsedwa kuchokera ku Singapore. N'chifukwa chake bodza la mbendera ya Malawi linatha kuyenda kanthawi: silinali chinthu chosatheka. Kungoti kaundula wathu ndi wa zombo za pa nyanja zathu ndi mitsinje yathu, monga Ilala imene yakhala ikuyenda pa Nyanja ya Malawi kuyambira 1951.

Kulembetsa sitima kukufanana ndi kupezera galimoto bulubuku, koma zofunika n'zochuluka. Mwini wake aonetse kuti sitimayo ndi yakedi, kaya ndi chikalata cha amene anaipanga kaya cha amene anamugulitsa. Ngati inalembetsedwapo kwina, abweretse umboni woti kumeneko inafufutidwa. Akatswiri aipime kukula kwake, chifukwa misonkho ya pa doko imawerengedwa potengera muyeso umenewu. Mabungwe oyendera sitima, monga Lloyd's Register, DNV, Bureau Veritas ndi ClassNK, aone zitsulo ndi injini n'kupereka ziphaso. Ngati inagulidwa ndi ngongole ya kubanki, ngongoleyo imalembedwa m'kaundula momwemo kuti wina asadzaigule mwakhungu.

Pamenepa ndi pamene nkhoswe woyamba amaonekera. Mwini sitima akakhala mlendo m'dziko limene akufuna mbendera yake, mayiko ambiri amati asankhe munthu wokhala konkuko womuimira. Ku Panama amafuna loya wa konko. Ku Malta mlendo amasankha ejenti wokhala m'dzikomo. Ku Britain, mwini wokhala kunja amatchula munthu kapena kampani ya ku Britain imene izilandira makalata a boma ndi masamoni m'dzina lake. Cholinga n'chimodzi: pakhale khomo lenileni logogodapo.

Tsono apa mpamene pali mfundo yovuta. Mayiko atatu amene ali patsogolo, tikawerengera kukula kwa sitima zonse zili m'kaundula wawo, ndi Liberia, Panama ndi Marshall Islands. Sikuti anthu a kumeneko ndi amene ali ndi chuma chogulira sitima. Mayikowa amalola aliyense kulembetsa, msonkho ndi wochepa, ndipo mwini amaloledwa kulemba amalinyero a mtundu uliwonse. Kaundula wa Liberia, amene anayamba mu 1948, amayendetsedwa ndi kampani imene ili ku Virginia, ku United States. Uja ubale weniweni wa ndime 91 unangotsala dzina, chifukwa panganolo silinafotokoze kuti ubalewo uzioneka bwanji. Sindikunena kuti mbendera zonse zogula n'zoipa. Liberia ndi Marshall Islands amakhoza bwino sitima zawo zikamayenderedwa m'madoko a ku Ulaya. Choopsa ndi timakaundula tina timene timalandira ndalama osatumako ngakhale munthu mmodzi kukaona sitimayo, ndipo kunsi kwa onsewa ndi kumene kuli aja anaba dzina lathu.

Kuti muone mmene umwini umagawikira, taonani Ever Given, sitima ya makontena imene inapingasa ngalande ya Suez kwa masiku 6 mu Malichi 2021. Eni ake anali a ku Japan, a Shoei Kisen Kaisha. Mbendera inali ya Panama. Oichita hayala, amene dzina lawo linalembedwa m'mbali ndi zilembo zazikulu, anali a Evergreen a ku Taiwan. Oisamalira tsiku ndi tsiku anali a kampani ya Bernhard Schulte, yochokera ku Germany. Amalinyero anali Amwenye. Sitima imodzi, mayiko asanu. Kuwonjezera apo, eni sitima ambiri amatsegulira sitima iliyonse kampani yakeyake, kuti ina ikapalamula zinzake zisakhudzidwe.

Chimene sichisintha ndi nambala. Sitima yaikulu iliyonse ili ndi nambala ya IMO ya manambala 7, yolembedwa pa chitsulo chake, ndipo kuyambira 1996 ndi lamulo. Dzina lisinthe, utoto usinthe, mbendera isinthe kasanu, nambala ndi yomweyo mpaka sitimayo idzaphwasulidwe. Ine pa mapepala anga dzina ndimalilemba chifukwa ndi mwambo, koma chimene ndimachikhulupirira ndi nambala.

Ikafika m'madzi a eni, malamulo amatengera pamene yafika ndi chimene yabwerera. Kuchoka pa gombe kulowa m'nyanja mailosi a panyanja 12, amene ndi makilomita pafupifupi 22, osakwana n'komwe mtunda wa pa Chitakale kukafika pa Muloza, ndi madzi a dzikolo. Sitima yachilendo imaloledwa kungodutsamo mwamtendere, osaima popanda chifukwa, osapha nsomba, osataya zonyansa. Mpaka mailosi 200, nsomba ndi mafuta a pansi ndi za dzikolo, koma njira ndi ya aliyense. Doko, mtsinje ndi nyanja za mkati mwa dziko ndi nkhani ina: mmenemo ndi m'nyumba mwa munthu, umalowa mwini akati lowani.

Ife tinaphunzira zimenezi mowawa. Pa 23 Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pomwepo. Chombo chonyamula feteleza chimayenera kukwera mtsinje wa Zambezi, kulowa mu Shire, n'kudzakocheza anthu akuona. Sichinafike. Akuluakulu a ku Mozambique anachiimitsa ku Marromeu, ponena kuti chilolezo panalibe, ndiponso kuti kafukufuku wa mmene zombo zingakhudzire mtsinjewo anali asanachitike. Ambiri kuno tinati ndi nkhanza chabe. Tinakumbukira kuti kale sitima za Mandala zinkachoka ku Chinde n'kufika ku Chiromo, pansi pa pangano la Britain ndi Portugal la 1891 limene linatsegula mitsinje iwiriyi. Tinali ndi mfundo inanso: ndime 125 ya UNCLOS imapatsa mayiko otsekeredwa ufulu wofika kunyanja. Koma ndime yomweyo imapitiriza kuti kadutsidwe kake azigwirizana mayiko awiriwo. Ine ndimakhulupirira kuti loto la Nsanje linali labwino, ndipo tiyi wa kuno akanapindula nalo. Cholakwika chinali kumanga doko tisanamalize kukambirana ndi eni mtsinje. Kwa eni kulibe mkuwe.

Nkhoswe wachiwiri, amene ine ndimachita naye zinthu sabata ndi sabata, ndi ejenti wa sitima pa doko. Musamusokoneze ndi ejenti wa kasitomu amene amakuombolerani katundu pa Muloza kapena pa Mwanza. Uyo ndi wanu, uyu ndi wa sitima. Kaputeni wochokera ku Manila kapena ku Odesa sadziwa Chipwitikizi, alibe akaunti ku banki ya ku Beira, ndipo sadziwa ofesi yoyambira. Masiku angapo sitima isanafike, ejenti amadziwitsa a doko, a kasitomu, a zolowa ndi kutuluka ndi a zaumoyo. Amapereka mndandanda wa katundu, wa amalinyero, wa zakudya ndi mankhwala ali m'sitima, ndi wa katundu woopsa ngati alimo. Mapepala amenewa anawafananitsa padziko lonse ndi pangano la FAL la 1965. Amapezeratu malo okochezapo, amaitanitsa woongolera sitima wa pa dokopo ndi timaboti tokankha. Mwini sitima amatumiziratu ndalama kwa iye, ndipo a doko akafuna zawo amagwira iyeyo.

Nditapita ku Beira ulendo wina wa ntchito, ndinaona mnyamata wa ejenti ataima pa doko m'bandakucha, chipewa cholimba kumutu, foni ziwiri m'manja, fayilo ili m'khwapa. Doko la Beira lili pa mtsinje wa Pungwe, ndipo njira yolowera imadzadza mchenga, moti sitima zolemera zimadikira madzi akwere. Mnyamatayo maso anali pa wotchi. Pepala limodzi likachedwa, madzi aphwa, sitima igona kunja, ndipo makontena athu amene anali atafika kale pa malo a Cornelder, kampani yoyendetsa dokolo, adikiranso. Makwerero atangotsitsidwa anakwera limodzi ndi a boma, ndipo potsika anali ndi mmalinyero wina wotupa tsaya, akupita naye kwa dokotala wa mano. Imeneyonso ndi ntchito yake.

Koma dziwani malire ake. Ejenti si mwini sitima. Katundu wanu akanyowa kapena akasowa, nthawi zambiri mlandu suli pa iye, uli pa amene dzina lake lili pa bill of lading, chikalata chonyamulira katundu pa sitima, ngati wonyamula. Mayiko ena anaona kuti unkhoswe wotere ndi wopepuka pa ngozi zazikulu. Sitima ya Exxon Valdez itataya mafuta ku Alaska mu 1989, United States inakhazikitsa lamulo mu 1990 loti sitima ya mafuta isalowe popanda umboni woti ili ndi ndalama zolipirira kuwononga, ndiponso popanda munthu wopezeka usana ndi usiku m'dzikomo amene ali ndi mphamvu yolamula kuti ntchito yoyeretsa iyambe pompopompo.

Popeza si mbendera zonse zimene zimayendera sitima zawo, madoko anayamba kudziyendera okha. Amoco Cadiz, ya mbendera ya Liberia, itasweka pa gombe la France mu 1978, mayiko a ku Ulaya anapangana ku Paris mu 1982 kuti aziyendera sitima zachilendo n'kumauzana zimene apeza. Ntchito imeneyi imatchedwa Port State Control. Kuno kwathu kuli pangano lotere la Indian Ocean la 1998, ndipo Mozambique, Tanzania ndi South Africa alimo. Woyendera amakwera, amaona ziphaso, amayesa pampu yozimira moto, amatsitsa boti lopulumukira, amafunsa ngati anthu alipidwa. Akapeza zoopsa, sitima sichoka mpaka zikonzedwe.

Nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya sitima yotchedwa Rhosus. Inanyamuka ku Batumi, m'dziko la Georgia, mu 2013 ndi matani 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala a m'gulu la feteleza amenenso amapangira zophulitsira miyala. Mbendera inali ya Moldova, woiyendetsa anali wa ku Russia wokhala ku Cyprus, ndipo inkapita ku Beira, doko lathu lomweli. Inapatukira ku Beirut, kumene anaigwira chifukwa inali yofooka ndiponso inali ndi ngongole za pa doko. Mwini wake anangoisiya. Kaputeni ndi amalinyero ena anakhala m'sitimamo pafupifupi chaka, osalipidwa, osaloledwa kupita kwawo. Katunduyo anatsitsidwa n'kuikidwa m'nyumba yosungiramo katundu, n'kukhala mmenemo zaka. Pa 4 Ogasiti 2020 anaphulika, n'kupha anthu oposa 200. Olakwa analipo ambiri, akuluakulu a ku Lebanon omwe. Koma chiyambi chake ndi sitima imene inali ndi kwawo pa pepala pokha, ndipo zitavuta panalibe woitana. Kuyambira 2017, pangano la ntchito za amalinyero la MLC limafuna kuti sitima ikhale ndi inshuwalansi yolipira ndi kubweza kwawo anthu otayidwa chonchi. Sitima ya mbendera yabodza inshuwalansi yake ndi yokayikitsa, ndipo UNCLOS imalola sitima yankhondo ya dziko lililonse kuikwera n'kuifufuza. Ikadzataya mafuta pa gombe la anthu, dzina loyamba kutchulidwa pa wailesi lidzakhala la Malawi.

Mwini akabisala, lamulo limalola kumanga sitima yeniyeniyo. Wodandaula amapita ku khothi la pa doko, chikalata chimaperekedwa m'sitima, ndipo siyenda mpaka chikole chiperekedwe. South Africa ndi yotchuka pa zimenezi. Lamulo lake la 1983 limalola kumanga ngakhale sitima ina ya kampani ina, bola zitsimikizike kuti mwini weniweni kumbuyoko ndi mmodzi. Ku Durban chinyengo cha kampani imodzi sitima imodzi sichiteteza kwenikweni. Kawirikawiri amene amaombola ndi mabungwe a inshuwalansi a eni sitima otchedwa P&I club, amene amalemba kalata yolonjeza kulipira khothi likagamula. Ever Given inakhala yomangidwa ku Egypt mpaka Julayi 2021.

Apa pali chimene amalonda ang'onoang'ono a pa Luchenza, pa Bvumbwe ndi pa Limbuli ayenera kuchimva, iwo amene amasonkherana kontena ya katundu wa ku China kapena Dubai. Sitima ikapulumutsidwa pa ngozi, mwini wake atha kulengeza general average, lamulo lakalekale loti onse amene chuma chawo chapulumuka asonkhe pa zimene zawonongedwa. Eni Ever Given anatero. Katundu wanu angakhale wabwinobwino, koma simumutenga mpaka mupereke chikole cha gawo lanu. Wokhala ndi inshuwalansi, kampani yake imamuimira. Wopanda, atulutsa m'thumba. Ndipo pa malamulo amene ma bill of lading ambiri amatsata, katundu akawonongeka muli ndi chaka chimodzi chokha chokasumira. Chikatha, mlandu wafa. Ndaonapo mayi wina wa geni akutaya zonse chifukwa anakhala miyezi akulemberana mauthenga ndi munthu amene sanali woyenera kumudandaulira.

Kungobweretsa katundu n'kubwerera ndi kosiyana ndi kudzagwira ntchito m'madzi a eni. Kunyamula katundu pakati pa madoko awiri a dziko limodzi mayiko ambiri amasungira sitima zawo: United States ili ndi Jones Act ya 1920, Nigeria ili ndi lamulo lake la 2003. Wodzapha nsomba amafunika laisensi, ndipo kawirikawiri ejenti wa m'dzikomo ndi kachipangizo koonetsa pamene ali. Ngakhale pa nyanja yathu, boti lochokera ku Mbamba Bay kapena ku Cobue likafika ku Nkhata Bay kapena ku Likoma ndi mlendo, liyenera kuonekera kwa a boma.

Loweruka lotsatira ndinapita kwa amalume. Tinakhala pakhonde, phiri litafunda mtambo, ndipo ndinatulutsa foni. Sitima zazikulu zimaulutsa pamene zili kudzera pa kachipangizo kotchedwa AIS, ndipo pali masamba a pa intaneti oonetsa zimenezi kwaulere. Ndinalemba nambala ya sitima imene inanyamula tiyi wa fakitale yathu mwezi umenewo, mwina muli ndi masamba a m'munda mwawo. Kadontho kanaoneka kumwera kwa Beira, kakulowera ku Durban. Mbendera inali ya Liberia. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, chala chili pa galasi.

"Nanga ikamira, tiyi wathu alipira ndani?"

Ndinawauza kuti zimatengera mmene tinagulitsira. Tiyi akagulidwa pa okushoni ku Limbe, kapena tikagwirizana kuti udindo wathu uthere pamene kontena yakwezedwa m'sitima, zapanyanja zimakhala za wogula ndi inshuwalansi yake. Tikalonjeza kukamufikitsira kwawo, ndiye kuti mutu ndi wathu mpaka afike. Anafunsa kuti wa mwezi umenewo tinagulitsa motani. Ndinati ndikaona m'fayilo Lolemba, ndiwaimbira.